Bere la Ng'ombe Likatupa

Lero tikambirane za nthenda yotupitsa bere la ng'ombe ya mkaka. Alangizi a ziweto amaitchula kuti mastitis.

Ambiri a ife tinaionapo. Bere limatupa, limatentha, limalimba. Tikaligwira, ng'ombe imaponya mwendo. Mkaka umatuluka wa mibulu kapena wamadzimadzi, nthawi zina wamagazi. Tikachedwa, mbali imodzi ya bere imafa, osatulutsanso mkaka.

Nthendayi imabwera ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, totchedwa mabakiteriya. Timakhala m'ndowe, m'matope a m'khola, ndiponso m'manja mwa wokama. Timalowera pa kabowo ka kunsonga kwa bere. Tikatha kukama, kabowoka kamakhala kotseguka kwa mphindi 30 kapena kupitirira.

Mankhwala ake odziwika ndi a mtundu wa penisilini, amene Alexander Fleming anatulukira mu 1928. Ndi amphamvu, koma ndi odula, ndipo kumudzi sapezeka msanga. Vuto lina ndi ili: tizilombo tina tinawazolowera, sitikufanso. N'chifukwa chake akatswiri akuyang'ana ku zomera.

Taonani adyo. Tikamusinja, amatulutsa mankhwala otchedwa allicin, omwe ndi mwini fungo lija. Mu 1944 Chester Cavallito wa ku America anawapatula, naona kuti amapha mabakiteriya. Ku India, bungwe la National Dairy Development Board limaphunzitsa alimi kusakaniza magalamu 250 a masamba a aloe vera, magalamu 50 a turmeric, ufa wachikasu wothira m'ndiwo uja, ndi magalamu 15 a njereza. Amasungunula phalalo ndi madzi, nalipaka kunja kwa bere atakama mkaka wonse, kambirimbiri pa tsiku, kwa masiku 5.

Koma apa timvetsane bwino. Kupha tizilombo m'mbale ya akatswiri ndi kwina, kutipha m'kati mwa bere ndi kwinanso. Mafuta a mumkaka amagwira ena mwa mankhwala a zomerawa, nawafooketsa. Ndipo madzi a masamba osinjidwa pakhomo amakhala ndi tizilombo tawo. Choncho tisalowetse adyo, kapena madzi a tsamba lililonse, m'kabowo ka bere. Amene atero akuonjezera nthenda. Kupaka kunja kokha.

Ng'ombe ikatentha thupi, ikasiya kudya, kapena bere likayamba kuda ndi kuzizira, tisataye nthawi ndi masamba. Tithamangire mlangizi wa ziweto tsiku lomwelo. Akaibaya jakisoni, mkaka wake tiutaye kwa masiku amene alembedwa pabotolo. Inde, kutaya mkaka kumawawa, koma ana asaumwe.

Pokama, tisambe m'manja ndi sopo. Ng'ombe iliyonse ikhale ndi kansalu kake kopukutira. Mkaka woyamba tiukamire m'kapu yakuda, kuti mibulu ioneke. Yodwala ikamidwe pomalizira. Tikatha, tiipatse udzu kuti idye chiimire, isagone m'matope kabowo kaja kasanatseke.