Sukulu ya Ukachenjede ya pa Phiri la Khondowe

Mau olankhulidwa kwa nthumwi za Sinodi ku Makoni, Chitungwiza



Munthu wochoka pano pa Makoni kupita ku Livingstonia ayenera kumanga kamba wa masiku awiri kapena atatu. Akwera basi ku Harare, nadutsa pa Nyamapanda, naoloka Zambezi pa Tete, nalowa m'Malawi pa Dedza kapena pa Mwanza. Atapitirira Lilongwe ndi Mzuzu atsika chitunda cha Chiweta kufikira kunyanja, ndipo pa Chitimba asiya msewu waukulu nayamba kukwera msewu wa Gorodi, wa makilomita ngati 15, umene ukhotakhota m'mphepete mwa phompho ndi makona akuthwa okwana 20. Pamwamba pake, m'dziko la Aphoka m'boma la Rumphi, apeza kamudzi ka nyumba za njerwa zofiira, tchalitchi, chipatala ndi mitengo yakalekale. Kumeneko ndiko ku Khondowe, kumene kuli likulu la University of Livingstonia, sukulu ya ukachenjede ya Sinodi ya Livingstonia, imene inatsegulidwa pa 27 Ogasiti 2003.

Nthumwi zina zingathe kufunsa kuti nkhani ya sukulu ya kumpoto yalowa bwanji m'bwalo la Sinodi ya Harare, imene ili mwana wa Nkhoma. Funsoli nloyenera, makamaka popeza palibe wosadziwa kuti pakati pa Nkhoma ndi Livingstonia pakhala mkangano wa malire umene wautsa mitima ya ambiri. Koma pa Khondowe pomwepo mpamene Livingstonia ndi Blantyre anagwirana chanza mu 1924 napanga Eklesia wa C.C.A.P., Nkhoma nalowamo mu 1926. Ndiponso pamene Mbusa T.C.B. Vlok anafika ku Salisbury mu 1912 kudzasonkhanitsa Akhristu a ku Nyasaland amene anali m'migodi ndi m'mapulazi a dziko lino, sanapeze Achewa ndi Angoni okha. Atonga ndi Atumbuka analinso momwemo, ndipo zidzukulu zao zikhala m'mabenchi a mipingo ya Sinodi ino kufikira lero. Chifukwa chachitatu ndicho cholemera koposa. Funso limene linasautsa phiri la Khondowe zaka zoposa zana ndilo limene likusautsa makolo a ku Seke, ku Zengeza ndi ku St Mary's: kodi mwana wa munthu wosauka aphunzire kufikira pati, ndipo alipire ndani?

Mishoni ya Livingstonia inayamba ku Cape Maclear mu 1875, nisamukira ku Bandawe mu 1881 chifukwa cha malungo amene anali kutha amishoni. Dotolo Robert Laws, Mskoti wa ku Aberdeen, amene anali mbusa ndi sing'anga pamodzi, sanakhutire ndi Bandawe. Iye anafuna malo okwera, a mphepo yabwino, a madzi ndi nthaka, oti amangepo sukulu yaikulu yofanana ndi ya Lovedale ku South Africa. Mu 1894 anawapeza pa Khondowe, ndipo sukuluyo inatchedwa Overtoun Institution potsata dzina la Lord Overtoun, mwini chuma wa ku Scotland amene anathirapo ndalama zambiri. Kumeneko anyamata anaphunzira uphunzitsi, ulaliki, zaumulungu, udokotala wothandiza, ukalaliki, kutumiza mau pa lamya, ukalipentala, kumanga, kusindikiza mabuku ndi ulimi. Madzi anabwera m'mipope kuchokera kumapiri, ndipo pofika 1905 mphamvu ya madzi a mtsinje wa Manchewe inali kuyatsa magetsi pa mishonipo, pamene midzi yonse yozungulira inali kuunikira ndi nsakali. Chipatala cha David Gordon Memorial chinamangidwa cha m'ma 1910.

Laws anali munthu wouma mutu, ndipo iwo amene anagwira naye ntchito sanapeze mpumulo. Koma pa chinthu chimodzi anaona patali kuposa Azungu ambiri a nthawi yake: anakhulupirira kuti palibe phunziro limene mutu wa Mwafirika sungathe kulisenza, ndipo cholinga chake chinali chakuti Overtoun idzakule kufikira kukhala sukulu ya ukachenjede.

Zipatso zake zinaoneka msanga, ngakhale sizinali zonse zokomera amishoni. Mu 1914 Yesaya Zerenji Mwasi, Jonathan Chirwa ndi Hezekiya Tweya anadzozedwa kukhala abusa oyamba achikuda a Livingstonia. David Kaunda anatumidwa kukalalikira ndi kuphunzitsa ku Chinsali pakati pa Ababemba, ndipo mwana wake Kenneth anadzakhala mtsogoleri woyamba wa Zambia. Levi Mumba anali mmodzi wa oyambitsa North Nyasa Native Association mu 1912, nadzakhala pulezidenti woyamba wa Nyasaland African Congress mu 1944. Koma dzina limene Sinodi ino iyenera kulisunga ndilo la Clements Kadalie, Mtonga wa ku Chifira pafupi ndi Bandawe. Iye atatsiriza maphunziro a uphunzitsi pa Khondowe anatsata njira yomweyo imene makolo a nthumwi zambiri anatsata, nadzagwira ukalaliki pa migodi ya Shamva ndi Falcon m'dziko lino. Zimene anaona m'makomboni a migodiyo sanaziiwale. Atafika ku Cape Town anayambitsa mu 1919 bungwe la antchito la I.C.U., limene linagwedeza South Africa yense, ndipo mu 1927 boma la Southern Rhodesia linathamangitsa Robert Sambo, mnzake wa ku Nyasaland, chifukwa chodzala bungwe lomwelo ku Bulawayo.

Apa paoneka chilonda chimene sukulu ya pa phiriyo inabadwa nacho. Inaphunzitsa anthu ntchito zimene dziko lao linalibe pozigwirira. Kumpoto kwa Nyasaland kunalibe mafakitale kapena migodi yaikulu yolemba makalaliki, kotero kuti amene anaphunzira bwino ndiwo anayamba kumanga katundu kulowera ku Harare, ku Joni ndi ku Katanga. Ambiri a iwo anasanduka matchona. Chilonda china chinali cha ndalama. Pamene mishoni inakhazikitsa malipiro a sukulu, Elliot Kamwana anachoka pa Overtoun mu 1901 mokwiya, nadzabwerako patapita zaka ali mlaliki wa Watch Tower amene anabatiza anthu zikwizikwi ku Utonga. Charles Domingo, amene anatsiriza maphunziro a zaumulungu nadikira kudzozedwa zaka zambiri osadzozedwa, anachoka mu 1908. Mbiri imene ingotama phiri la Khondowe osatchula anthu awiriwa ndi mbiri yopereweza.

Loto la sukulu ya ukachenjede linafa m'zaka za m'ma 1920. Mu 1924 kunafika nthumwi za bungwe la Phelps-Stokes la ku America, zotsogozedwa ndi Thomas Jesse Jones, kudzayendera sukulu za m'maiko ano. Izo zinali ndi maganizo akuti Mwafirika aphunzire zoyenera moyo wa kumudzi, ndiwo ulimi, ukhondo ndi ntchito za manja, ndipo zinayamikira kwambiri njira ya Mishoni ya Dutch ya ku Nkhoma, pamene maphunziro apamwamba a Laws zinawaona ngati opitirira muyezo. Boma la atsamunda, limene silinakondwere ndi a Kadalie ndi a Mumba, linalandira uphunguwo ndi manja awiri. Ku Scotland nako chuma chinali chitachepa itatha nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndipo amishoni achinyamata sanaone chifukwa chothirira ndalama zonse pa phiri limodzi. Laws anachoka mu 1927, namwalira mu 1934 osaona chimene analakalaka.

Ana a Nkhoma asafulumire kunyada pakumva kuti njira yao ndiyo inatamandidwa. Sukulu za m'midzi zinaphunzitsadi anthu ochuluka kuwerenga Buku Lopatulika m'chinenero chao, ndipo ntchito imeneyo siyochepa. Koma mtengo wa uphungu wa 1924 unalipiridwa ndi dziko lonse. Nyasaland anakhala wopanda sukulu ya sekondale kufikira kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1940, pamene ya ku Blantyre ndi ya Akatolika ya ku Zomba zinatsegulidwa. Sukulu ya ukachenjede ya Chitaganya inamangidwa kuno ku Mount Pleasant, nitsegula zitseko mu 1957, ndipo University of Malawi inayamba kuphunzitsa mu 1965, patapita zaka 38 chichokere Laws.

Chimene chinadzutsa loto lakalelo ndi kuchepa kwa malo. Chaka ndi chaka ana zikwi zambiri anali kukhoza mayeso a Fomu 4, koma University of Malawi, ngakhale pamodzi ndi Mzuzu University imene inayamba kuphunzitsa mu 1999, inali kulandira ochepa okha. Anthu a kumpoto anali ndi dandaulo lao lapadera, pakuti kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 boma linayamba kusankha ophunzira potsata maboma ochokera, ndipo iwo anaona kuti ana ao okhoza bwino ali kutsalira. Njira imeneyo inaimitsidwa, nibweranso mu 2009, nithetsedwa mu 2020. Pakati pa zonsezi Sinodi ya Livingstonia inatsimikiza mtima kutsegula sukulu yakeyake m'nyumba zomwe zija za amishoni, ndipo inayamba ndi maphunziro a uphunzitsi wa ku sekondale, ntchito imene phirilo linaidziwa kuyambira kale. Kuchokera pa 1894 kufikira 2003 ndi zaka 109. Chimene Askoti analephera ndi chuma cha Lord Overtoun chinachitidwa ndi Sinodi ya anthu akuda, mothandizidwa ndi abwenzi a kunja, koma mwini wake ali iyo yomwe.

Malo a pa Khondowe atchedwa Laws Campus, ndipo kumeneko kuli maphunziro a uphunzitsi ndi a sayansi yothandiza pa moyo wa anthu, monga zaumoyo, zachilengedwe ndi za makompyuta. Nthambi ina ili ku Ekwendeni, pa mishoni yakale ya pakati pa Angoni, kumene kuli maphunziro a zaumulungu ndi a chitukuko cha anthu, ndipo sukuluyi yafikanso mu mzinda wa Mzuzu. Maphunziro onse achitika m'Chingerezi, ngakhale pamsika ndi m'midzi yozungulira chimveka ndi Chitumbuka. Poiyerekeza ndi University of Zimbabwe, sukuluyi ndi yaing'ono ndithu. Koma siili yokha pa mtundu wake: nthumwi zidziwa Africa University ya Amethodisti ku Old Mutare, imene inayamba mu 1992, ndi Solusi ya Adventist kufupi ndi Bulawayo, ndipo ku Malawi Akatolika anatsegula yao ku Nguludi mu 2006, Nkhoma ndi Blantyre natsatira pambuyo pake.

Kukhala kutali ndi mzinda kuli ndi ubwino wake. Wophunzira wa pa Khondowe alibe zomdodometsa zambiri, aphunzitsi amdziwa dzina, ndipo tsiku lililonse adutsa pa nyumba ya miyala imene Laws anakhalamo, pamene mu 1959, boma litafuna kuchotsa Azungu pa mishonipo chifukwa cha chipolowe, akuda ndi oyera anakana kulekana nayala miyala pansi yolemba Aefeso 2:14 kuti a m'ndege awerenge. Komabe miyala ya mbiri siilipira mphunzitsi. Sukulu imene siilandira thandizo la boma iyenda ndi ndalama za makolo, ndipo makolo a ku Rumphi, ku Mzimba ndi ku Karonga adalira fodya, khofi ndi mpunga. Chaka cha chilala chikafika m'munda chifikanso m'kalasi. Munthu wa madigiri apamwamba, amene mkazi wake afuna ntchito ndi ana ake afuna sukulu ya m'tauni, savuta kumkopa kuti atsike phiri. Ndiponso chilonda chija cha masiku a Kadalie sichinapole, pakuti wotsiriza maphunziro ayang'anabe ku Lilongwe, ku Blantyre kapena ku Joni pofuna ntchito.

Tsono kwa mwana wa mpingo wa pano pa Makoni, khomo la sukulu yotere lili ndi maloko atatu. Loyamba ndi la mapepala. Lamulo la unzika la 2001 linasiya ana ndi zidzukulu zambiri za anthu ochokera ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique zili zopanda dziko, ndipo kulandidwa kwa mapulazi kuyambira 2000 kunabalalitsa mabanja amene anakhala m'makomboni mibadwo itatu. Malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013 anabwezera unzika kwa obadwira muno amene kholo lao linachokera m'maiko a SADC, ndipo Nyumba ya Malamulo ya Malawi inavomereza mu 2018 kuti munthu akhale nzika ya maiko awiri. Koma lamulo lolembedwa silisanduka lokha chitupa cha kubadwa kapena pasipoti m'manja mwa mwana wamasiye wa ku Epworth. Loko lachiwiri ndi la ndalama. Boma la Malawi linakhazikitsa mu 2015 bungwe lokongoza ndalama ophunzira a m'sukulu za ukachenjede, za boma ndi zoima pazokha zomwe, koma ngongoleyo ndi ya nzika za Malawi, kotero kuti loko lachiwiri silitseguka loyamba lisanatseguke. Lachitatu ndi la chibale. Mwana wokulira ku Chitungwiza alankhula Chishona panjira ndi Chichewa cha m'nyimbo za m'tchalitchi, ndipo kwao kumene agogo ake anali kukutchula usiku uliwonse iye sanakupondeko. Akadwala malungo pa Khondowe, kapena sukulu ikatsekera, afunika khomo loti agogodepo.

Pa maloko atatuwa, loyamba ndi lachitatu safuna chuma chambiri. Mabuku a ubatizo a mipingo ya Sinodi ino, amene ena a iwo anayamba kulembedwa Sinodi isanaime payokha mu 1965, asunga maina a makolo, midzi ndi mafumu a kwao, ndipo angathandize banja kulondola kumene linachokera pofunsira mapepala. Kalata yosamutsira Mkhristu, imene mlembi wa mpingo alemba masiku onse, ingathe kupereka mwana m'manja mwa mbusa ndi akulu a mpingo wa ku Livingstonia kapena ku Ekwendeni monga momwe makalata a ku Bandawe ndi ku Mvera anali kuperekera anyamata m'manja mwa Vlok. Loko la ndalama ndilo lotsalira komiti ya maphunziro, imene iyenera kubwera ku msonkhano wotsatira ndi chiwerengero cha ana a m'mipingo amene anakhoza mayeso koma akhala pakhomo, pamodzi ndi mtengo weniweni wosungira mwana mmodzi pa phiripo zaka zinai.