Mlandu Suola: Madzi Akumwa ndi Mankhwala Osaola

Lero tikambirana za madzi amene timamwa, ndi za milandu imene anthu wamba atengera ku mabwalo pofuna kuchinjiriza madziwo.

Inu amene mumakhala mu mzinda wa Chipata, ku Kapata kapena ku Mchini, mukatsegula mpope m'mawa mumalandira madzi ocokera ku damu la Lutembwe. Inu a ku midzi mumatunga pa citsime kapena ku mtsinje. Kodi mumadziwa bwanji kuti madziwo ndi abwino? Ambiri a ife timayang'ana ngati ali oyera, timanunkhiza, kenaka timalawa. Maso, mphuno ndi lilime zikabvomereza, timamwa mtima uli m'malo. Koma alipo madzi ena oyera mbee, opanda pfungo, okoma pakamwa, amene angathe kudwalitsa munthu patapita zaka khumi kapena makumi awiri.

Mukudziwa kuti zinthu zambiri za pa dziko lapansi zimaola. Tsamba la mango likagwa limasanduka dothi. Mbuzi ikafa m'chire, pakapita miyezi pamatsala mafupa okha. Ngakhale khasu lacitsulo limacita dzimbiri mpaka kutha. Koma akatswiri a sayansi anapanga mtundu wina wa mankhwala umene dzuwa, mvula ndi tizirombo ta m'nthaka zimalephera kuuphwanya. Mankhwalawa ali m'mitundu zikwi zambiri, ndipo onse pamodzi amachedwa PFAS. Mphamvu yao ili pa kugwirana kwa zinthu ziwiri, kaboni ndi fulorini, zimene zikalumikizana sizilekana wamba. Ndico cifukwa cace anthu anawapatsa dzina lakuti mankhwala amuyaya. Ife m'phunziro lino tiwacha mankhwala osaola.

M'caka ca 1938 katswiri wina wa kampani ya DuPont ku America, dzina lace Roy Plunkett, anatulukira mwangozi cinthu coterera kwambiri cimene pambuyo pace cinachedwa Teflon. Ndico cimene amamata m'kati mwa mapoto ndi mapani ena kuti cakudya cisakakamire. Mankhwala a pfuko lomweli anayamba kuikidwa m'majasi a mvula, m'mapepala okulungira zakudya zamafuta, ndi m'thobvu lozimira moto pa mabwalo a ndege. Anthu anakondwera nao cifukwa salowa madzi, sagwira mafuta, ndipo sapsa msanga. Koma ubwino womwewo ndiwo unadzakhala bvuto. Mankhwalawa akatayidwa pa dzala kapena mu mtsinje amalowa pansi ndi mvula mpaka kufika m'zitsime. Munthu akawamwa amakhazikika m'magazi ace kwa zaka, ndipo mai wapakati angathe kupatsirako mwana amene ali m'mimba. Kuphitsa madzi sikuwacotsa, ndipo klorini sawapha, pakuti iwo si tizirombo tamoyo.

Amene anaulula nkhani imeneyi anali mlimi wa ng'ombe, Wilbur Tennant, wa kufupi ndi tauni ya Parkersburg m'cigawo ca West Virginia. Ng'ombe zace zinali kumwa mu kamtsinje kodutsa pafupi ndi malo amene kampani ya DuPont inali kutayirako zinyalala za ku fakitale. Zinayamba kuonda, kusanza magazi ndi kufa, imodzi ndi imodzi, mpaka zinapitirira zana. Mlimiyo sanangolira cabe. Anajambula zithunzi za ng'ombezo ndi za thobvu limene linali kuyandama pa madzi, nasunga zonse. M'caka ca 1998 anakaonana ndi loya wina, Robert Bilott, ndipo m'caka cotsatira anasumira kampaniyo.

Bwalo linalamula kampani kuti itulutse zikalata zace. Loya uja anakhala miyezi yambiri akuwerenga mapepala zikwizikwi, ndipo anapeza kuti fakitaleyo inayamba kugwiritsa nchito mankhwala ochedwa PFOA m'caka ca 1951, kuti akatswiri a kampaniyo anaona kale m'zaka za m'ma 1960 kuti mankhwalawo amaononga ciwindi ca nyama zoyeserapo, ndiponso kuti m'caka ca 1984 anawapeza m'madzi akumwa a midzi yoyandikana nayo, koma anthu sanauzidwe. Pamenepo mlandu wa ng'ombe unabala mlandu wa anthu. M'caka ca 2001 anthu a m'deralo anasuma onse pamodzi, ndipo mu 2004 mbali ziwirizo zinapangana kuti kampani iyeretse madzi ndi kulipira akatswiri atatu osakondera mbali kuti afufuze ngati mankhwalawo amadwalitsadi.

Anthu pafupifupi 69,000 anapereka magazi ao kuti apimidwe. Kufufuzako kunatenga zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo pofika 2012 akatswiriwo anati pali cifukwa cokwanira cokhulupirira kuti PFOA imagwirizana ndi matenda asanu ndi limodzi: khansa ya impso, khansa ya ziwalo zoberekera za amuna, matenda a cithokomiro, zilonda za m'matumbo akulu, kuthamanga kwa magazi kwa amai apakati, ndi kuculuka kwa mafuta m'magazi. Mlimi uja sanamve mau amenewa, pakuti anamwalira mu 2009. M'caka ca 2017 DuPont ndi kampani ina yocokera mwa iyo zinabvomera kulipira madola 671 miliyoni kwa odwala oposa 3,500. Mu 2023 kampani ya 3M, imene inali kupanga mankhwala otere, inabvomera kupereka madola oposa 10 biliyoni kwa mabungwe ogawa madzi m'mizinda ya ku America, ngakhale sinabvomere kulakwa.

Kuti muone kuopsa kwace, mverani ici. Mu 2024 boma la America linakhazikitsa malire a PFOA m'madzi akumwa, ndipo muyeso wace ndi wocepa zedi, wofanana ndi dontho limodzi m'madramu 60,000 a madzi. Maiko ambiri, kuphatikizapo Zambia, anasaina pangano la ku Stockholm la mu 2001 loletsa mankhwala okhalitsa m'cilengedwe, ndipo PFOS inalowetsedwa m'panganolo mu 2009, PFOA mu 2019.

Mwina mukuti zimenezi ndi za kutali. Tiyeni tibwerere kwathu. Milandu imene yachuka muno m'Zambia si ya mankhwala a PFAS, ndi ya asidi ndi zitsulo zocokera m'migodi, koma funso limene oweruza amakumana nalo ndi limodzimodzi: munthu akaipitsa madzi a anzace, adzalipira ndani, ndipo adzalipira liti?

Mu Novembala 2006 madzi oipa ocokera ku mgodi wa Konkola Copper Mines ku Chingola analowa mu mtsinje wa Kafue, umene anthu a m'tauniyo amamwa. Ambiri anadwala m'mimba. Bambo James Nyasulu pamodzi ndi anthu ena 2,000 anasumira kampaniyo. Mu 2011 Bwalo Lalikulu ku Lusaka linapeza kampani yolakwa, nililamula kuti ilipire K10 biliyoni ya ndalama za nthawi imeneyo. Kampani inacita apilu. Mu 2015 bwalo lalikulu koposa onse m'dziko muno linatsimikiza kuti kampani inalakwadi, koma linati ndalama za cipukuta misozi ziwerengedwenso, cifukwa umboni wa kubvulala kwa munthu aliyense payekha sunali wokwanira. Cotero patapita zaka zisanu ndi zinai anthu aja anapambana mlandu, koma manja ao anali akali opanda kanthu.

M'caka comweco ca 2015 anthu 1,826 a m'midzi inai ya kufupi ndi Chingola, ndiyo Shimulala, Hellen, Kakosa ndi Hippo Pool, anatsata njira ina. Motsogozedwa ndi dzina la bambo Dominic Lungowe, anakasuma ku London, kumene kunali likulu la Vedanta, kampani imene inali mwini wa mgodiwo. Iwo anati mitsinje yao, minda yao ndi thanzi lao zinaonongeka. Kampani inatsutsa kuti mlandu wa ku Zambia suyenera kumveka ku England. Zaka zinai zinatha akukangana za bwalo lokha, mpaka pa 10 Epulo 2019 pamene bwalo lalikulu koposa la ku Britain linagamula kuti mlanduwo ungathe kumveka kumeneko. Cimodzi mwa zifukwa zace cinali cakuti anthu osauka otere sakanatha kupeza ndalama ndi maloya okwanira kuyendetsa mlandu waukulu cotere kwao. Mu Januwale 2021 mbali ziwirizo zinamvana kunja kwa bwalo, anthu oposa 2,500 analandira malipiro, ndipo kampani sinabvomere kulakwa. Ciweruzo ca mu 2019 cimaphunzitsidwa m'masukulu a zamalamulo m'maiko ambiri, ndipo cili ndi dzina la munthu wa m'mudzi wa m'Zambia.

Ku Kabwe, kumene mgodi wa mtobvu unatsekedwa mu 1994, mtobvuwo unatsalira m'dothi ndi m'fumbi limene ana amasewerapo, pakuti nawonso suola. Mu Okutobala 2020 mlandu unaperekedwa ku Johannesburg m'malo mwa amai ndi ana pafupifupi 140,000, wosumira Anglo American South Africa. Kampaniyo inakana mlanduwo. Mu Disembala 2023 bwalo linakana kuti mlandu upitirire, ndipo osumawo anacita apilu. Pa 18 Febuluwale 2025 damu la zinyalala za mgodi wa Sino-Metals Leach Zambia ku Chambishi linaphulika, asidi analowa mu Mwambashi ndi mu Kafue, nsomba zinafa, minda inapsa, ndipo mzinda wa Kitwe unatsekeredwa madzi a m'mipope. Mu Seputembala caka comweco alimi 176 anasuma ku Bwalo Lalikulu.

Kodi tiphunzirapo ciani pa milandu yonseyi? Coyamba, bwalo limafuna umboni. Kunena kuti madzi anandidwalitsa sikokwanira, pamafunika khadi la ku cipatala, tsiku limene zinacitika, ndi madzi opimidwa ndi akatswiri. Zithunzi za mlimi wa ku West Virginia zinamthandiza, ndipo kucepa kwa umboni kunacedwetsa anthu a ku Chingola. Caciwiri, mutu umodzi susenza denga. Palibe mlimi angalimbane yekha ndi kampani yaikulu, koma anthu zikwi ziwiri akagwirizana amamveka. Cacitatu, makolo athu anati mlandu suola, ndipo n'zoona, koma munthu amakalamba ndi kufa akuyembekeza. Ndalama zikabwera sizibweza impso yoonongeka. Kuchinjiriza madzi asanaipe n'kochipa kuposa kuwaimbira mlandu ataipa kale.

Tsono bwanji za ife kuno ku Chipata? Musandimve molakwa, sindikunena kuti madzi a Lutembwe ali ndi mankhwala amene ndachula. Kuno kulibe migodi yaikulu monga ku Copperbelt. Koma katundu wa m'maiko akutali amafika m'masitolo mwathu ndi pa salaula, ndipo akatha nchito amathera pa dzala, mvula n'kukokolola zonse kupita ku mtsinje. Tilinso ndi mankhwala athu a m'munda, a thonje, a fodya ndi a ndiwo zamasamba. Munthu akatsukira copopera mankhwala mu mtsinje, amamwetsa anzace a kumunsi, pakuti madzi saiwala khwawa, ndipo a mitsinje yathu amatsikira mpaka ku Luangwa. Botolo kapena cigubu cimene munali mankhwala a thonje sicoyenera kutungira madzi kapena kusungira mcere, ngakhale mutacitsuka kasanu. Citsime cikumbidwe kutali ndi dzala ndi cimbudzi, ndipo cikhale kumtunda kwace. Ndiponso musaleke kuphitsa madzi kapena kuthiramo klorini. Njira zimenezi sizicotsa mankhwala osaola, koma zimapha tizirombo ta kolera ndi kamwazi, timene timapha anthu m'masiku ocepa cabe.

Dziwaninso kuti lamulo lili kumbali yanu. Lamulo losamalira cilengedwe la mu 2011 limati munthu aliyense wokhala m'Zambia ayenera kukhala m'malo aukhondo, osaopsa ndi opatsa thanzi, ndipo limamlola kupita ku bwalo ngati wina akuononga malowo. Lamulo lomwelo linakhazikitsa bungwe la ZEMA loyang'anira za kuipitsa madzi, nthaka ndi mpweya. Bungwe la NWASCO limayang'anira makampani ogawa madzi, kuphatikizapo Eastern Water and Sanitation Company imene imatumikira cigawo cathu ca kum'mawa. Mukaona nsomba zikufa, madzi atasintha mtundu, kapena ziweto zikudwala zitamwa pa malo amodzi, lembani tsiku, dziwitsani amfumu ndi a zaumoyo, ndipo odwala apite ku cipatala n'kusunga makhadi ao.

Aphunzitsi, phunziro likatha kambiranani ndi ana mafunso awa. Kodi madzi amene mumamwa pa sukulu panu amacokera kuti, ndipo amadutsa pa malo otani asanafike kwa inu? Cifukwa ciani kuphitsa madzi kumapha tizirombo koma sikucotsa mankhwala osaola? Anthu a ku Shimulala ndi anzao anapitiranji ku London ndi mlandu wao? Pomaliza, ana ajambule mapu a mudzi kapena komboni yao, aonetse citsime kapena mpope, dzala, zimbudzi ndi minda imene amapoperamo mankhwala, ndipo mapuwo akaonetse makolo ao kunyumba.

Wakutsina khutu ndi mnansi.