Nyumba ya Mandala ndi Masitolo a Alimi a ku Mchinji

Nkhani yathu lero ndi ya nyumba imodzi yogwira ntchito zambiri.

Amene munafikako ku Blantyre mwina munaiona nyumba ya Mandala. Inamangidwa m'chaka cha 1882 ndi kampani ya African Lakes, imene oyang'anira ake anali John Moir ndi mbale wake Frederick. Dzina loti Mandala linachokera ku magalasi amene John ankavala m'maso. Nyumbayi ndi yosanja, ndipo poyamba munkagona akuluakulu a kampani, malonda nachitikira pabwalo lomwelo. Pambuyo pake m'mwamba munasungidwa mabuku a bungwe la Society of Malawi, pansi nakhala malo ogulitsirapo zithunzi ndi zakudya. Zaka zapitirira 140, koma ikali chiimire. Mukaiyang'ana, choyamba kuona ndi khonde lake lalikulu, lotchinjiriza zipupa ku mvula.

Tsono ndikunena izi chifukwa ambiri a inu, mukagulitsa mtedza, soya kapena fodya, mukumanga nyumba zotere pa Kamwendo, pa Kapiri, pa Mkanda ndi pa Waliranji: kumaso sitolo, kumbuyo kogona, pakati posungira mbewu. Nzeru imeneyi ndi yabwino, pakuti denga ndi limodzi ndipo mlonda ndinu nomwe. Koma zimene timaona ife alangizi poyendera sizikondweretsa. Thumba la feteleza latsamira pa thumba la ufa. Botolo la mankhwala a mbozi lili pa shelefu imodzi ndi mafuta ophikira, ndipo ana akugona pomwepo. Mankhwala otere amapha munthu monga aphera mbozi. Apatseni kachipinda kaokha kokhala ndi loko, kutali ndi chakudya.

Za mtedza ndinenetse. Mtedza ukasungidwa pa chinyontho umachita chuku, ndipo chukucho chimabala poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amaononga chiwindi. Kukazinga sikumchotsa. Ogula akunja akaupeza mtedza wotere amaukana, ndipo amataya ndalama ndi mlimi. Chifukwa chake umitsani bwino, sungani osaswa, ndipo musauwaze madzi pofuna kuti usweke msanga. Matumba asakhale pa simenti. Yalani mitengo pansi, ndipo pakati pa matumba ndi chipupa pakhale mpata woti munthu apite. Chipindacho chikhale ndi mazenera aang'ono m'mwamba, otchingidwa ndi waya kuopa makoswe.

Inu mafumu, munthu akadza kudzapempha malo a sitolo, mufunseni kuti chimbudzi ndi khitchini zidzakhala pati. Musampatse kamalo kopanikiza koti khonde lisowe pokhala. Ndipo amene mukuumba njerwa chilimwe chino, kaonaneni ndi mlangizi wa kwanuko musanakumbe maziko, kuti mugawe zipinda pamodzi.