NKHAWA YA MAYI NDI MSINKHU WA MWANA

Ena mwa inu mwalawirira tambala asanalire, mwana kumsana, khadi m'manja, kuti mufike msanga kusikelo. Mwezi ndi mwezi timamuyeza mwanayo, timalemba kadontho pakhadi pake, ndipo timakufunsani za phala, za katemera ndi za kutsekula m'mimba. Koma lilipo funso limodzi limene sitifunsa kawirikawiri: nanga inu mayi wake wa mwanayu, mumtima mwanu muli bwanji? Lero tikambirana za funso limeneli, pakuti anthu ofufuza anapeza kuti yankho lake limaoneka ngakhale pa msinkhu wa mwana.

Mmodzi wa anthu amene atha zaka zambiri akufufuza nkhaniyi m'dziko muno ndi a Dokotala Robert Stewart, sing'anga wa matenda a maganizo wochokera ku Britain. Iwo anagwira ntchito pamodzi ndi akatswiri a kuno kwathu, monga a Dokotala Felix Kauye ndi a Eric Umar. Ntchito yawo yoyamba kudziwika anaichitira pafupi pompano, pa chipatala cha boma cha Thyolo, pamzere wa amayi onga inu amene anabwera ndi ana awo kudzabayitsa katemera wa chikuku.

Vuto loyamba linali lakuti nkhawa ilibe sikelo. Kodi mungaiyeze bwanji? Anatenga mafunso 20 amene bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linakonza, nawamasulira m'Chichewa, nawayesa kuti aone ngati akugwiradi ntchito pakati pa amayi a ku Malawi. Mafunsowo ndi apafupi, ndipo yankho lake ndi inde kapena ayi. Kodi mutu umakupwetekani kawirikawiri? Kodi mumagona tulo bwino? Kodi chakudya chimakukomerani? Kodi mumadzidzimuka msanga? Kodi mumalira koposa kale? Kodi mumakhala otopa nthawi zonse? Pamene ndikuwatchula chonchi, aliyense adziyankhe yekha chamumtima.

Anafunsa amayi 501, ndipo anayezanso kulemera ndi kutalika kwa ana awo, amene ambiri anali a miyezi pafupifupi 10. Zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2008. Amayi pafupifupi 30 mwa 100 alionse anapezeka ndi zizindikiro za nkhawa yaikulu kapena kukhumudwa. Taonani mmene takhaliramu: ngati pabenchi pali amayi 10, atatu mwa iwo angakhale atasenza katundu amene anzawo sakumuona. Chinthu chachiwiri chimene anapeza ndicho chandichititsa kuti ndikambe nanu lero. Ana a amayi ovutika mumtimawo anali ofupikirapo msinkhu poyerekeza ndi anzawo a miyezi yofanana. Pa kulemera panalibe kusiyana kwenikweni. Kusiyanako kunaoneka pa kutalika, ndipo inu mukudziwa kuti kupinimbira ndi chizindikiro cha vuto limene lakhalitsa.

Pano ndichenjeze, kuti wina asabwerere kwawo akudziimba mlandu. Kafukufukuyu sananene kuti mayi ndiye walakwa. Umphawi womwewo umene umasowetsa mayi tulo ndiwonso umasowetsa nsinjiro m'phala. Ndiponso njira yake imapita mbali zonse ziwiri: mwana wodwaladwala amadetsa nkhawa mayi wake, ndipo mayi wolefuka amavutika kusamala mwana. A Stewart anafufuzanso pakati pa amayi amene anagonekedwa ndi ana onyentchera m'chipinda cha Moyo pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo ambiri mwa amayiwo anawapeza ali ndi nkhawa yaikulu. Kudyetsa mwana wa miyezi 9 ndi ntchito yofuna mtima wodekha. Amalavula, amatembenuza mutu, amafuna kumunyengerera ndi kanyimbo mpaka mbale ithe. Mayi amene sanagone masiku atatu akalephera pa supuni yachitatu, sindiye kuti sakonda mwana wake, mphamvu zamuthera.

Pambuyo pake ofufuzawa anapita ku Mangochi, kumene anafunsa amayi oyembekezera m'Chichewa ndi m'Chiyao. Zotsatira zake zinatuluka mu 2014. Pafupifupi mayi mmodzi mwa 10 alionse anali ndi matenda enieni a kukhumudwa, ofunika chithandizo. Amene anali pangozi koposa anali amayi osowa munthu wowathandiza ndi kuwamvera, ndiponso amene anali kuchitidwa nkhanza ndi amuna awo. Izi agogo athu anazidziwa kale, n'chifukwa chake sanali kumusiya yekha mayi wapakati kapena wa mwana wakhanda. Chatsopano ndi chakuti tsopano zinawerengedwa ndi kulembedwa, kotero kuti palibe anganene kuti ndi kudandaula chabe kwa akazi.

Tsono nkhawa imachita chiyani m'thupi la munthu? Mukakumana ndi njoka panjira ya kudimba, mtima umagunda mofulumira, thukuta limatuluka, miyendo imapeza mphamvu zothawira. Zimenezi zimachitika chifukwa tiziwalo tiwiri tokhala pamwamba pa impso timathira m'magazi timadzi totchedwa adrenaline ndi cortisol. Timadzi timeneti timathamangitsa magazi ndi kuonjezera shuga m'magazimo kuti thupi lidziteteze. Njoka ikapita, thupi limabwerera m'malo mwake, ndipo palibe chaonongeka. Koma njoka ina siichoka. Ngongole, njala, mwamuna wobwera usiku ataledzera, maliro otsatizana: izi zimakhala m'nyumba miyezi ndi zaka, ndipo thupi limakhala chikonzekerere kuthawa usana ndi usiku. Moto wosazimitsidwa umaboola mphika. Munthu wotere amamva mutu, kuphwanya kwa thupi ndi kutentha pamtima; ena amabwera kuchipatala kambirimbiri kuti ayezedwe malungo, koma malungo osapezeka. M'kupita kwa zaka, nkhawa yokhalitsa imathandizira kubweretsa matenda okhalitsa monga kuthamanga kwa magazi, kumene ambiri mumati BP, ndi matenda a mtima. Siikhala yokha ayi. Mchere wambiri, fodya, mowa, kunenepa ndi mtundu wa kubanja zili ndi mbali yake. Koma imaonjezera pa zimenezo, ndipo wodwala shuga kapena womwa ma ARV akalefuka mumtima amayamba kudumphitsa mankhwala.

Ife a ku Phalombe sitifunika kuuzidwa kuti mantha okhalitsa ndi chiyani. Mu Malichi 1991, napolo anatsika m'phiri la Michesi ndi miyala ndi mitengo, nakokolola midzi, ndipo anthu mazanamazana anafa. Ena mwa inu munali musanabadwe, koma munakula mukuona amayi anu akutuluka panja usiku kukamvetsera kuphiri mvula ikalimba. Mu Malichi 2023 kunabweranso namondwe wa Freddy, amene anapha kapena kusowetsa anthu oposa 1,000 m'dziko muno, ndipo dera la Nkhulambe linali limodzi mwa madera osautsidwa koposa. Madzi anaphwa, misasa inatsekedwa, koma alipo amayi amene mpaka lero amalota matope, amanjenjemera akamva bingu, ndipo safuna kudutsa pamalo pamene panali nyumba yawo. Masabata oyamba chichitikire tsoka, zotere zimagwera pafupifupi aliyense ndipo zimatha zokha. Zikapitirira mwezi ndi kuyamba kukulepheretsani ntchito za pakhomo, pamenepo ndi bala la mumtima lofunika kulionetsa kuchipatala. Si misala, ndipo si kulodzedwa.

Ana nawonso amasunga zimene aona. Ku San Diego, m'dziko la America, a Dokotala Vincent Felitti ndi a Dokotala Robert Anda anafunsa akuluakulu oposa 17,000 za ubwana wawo: ngati anamenyedwa mwankhanza, kugwiriridwa, kuona mayi wawo akumenyedwa, kapena kukula ndi chidakwa m'nyumba. Zotsatira zoyamba zinatuluka mu 1998. Amene anakumana ndi mitundu 4 kapena kuposerapo ya mavuto otere anali ndi matenda a mtima pafupifupi kawiri kuposa amene sanakumane nawo. Ganizani: ndewu imene mwana wa zaka 3 akuionera ali kuseri kwa chitseko ingadzaonekere m'thupi lake ali ndi zaka 50. Koma sikuti aliyense woona zowawa adzadwala. Chimene chimateteza mwana koposa ndi munthu wamkulu mmodzi wodekha amene amamunyamula, kumuyankhula ndi kumutonthoza. Kawirikawiri munthuyo ndinu, ndipo n'chifukwa chake mtendere wanu uli nkhani ya kusikelo.

Nanga mankhwala ake alipo? Alipo, ndipo oyamba ndi kuyankhula ndi munthu wodziwa kumvetsera. Ku Harare, m'dziko la Zimbabwe, a Dokotala Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pabenchi panja pa chipatala ndi kumvetsera anthu ovutika ndi chimene Ashona amati kufungisisa, ndiko kuganiza kwambiri. Agogowo sapereka ndalama kapena mapiritsi. Amathandiza munthu kutchula mavuto ake limodzilimodzi, kusankha limodzi limene angathe kuyambapo, ndi kupangana chochita sabata imeneyo. Atayesa njirayi, zotsatira za mu 2016 zinaonetsa kuti patapita miyezi 6 anthu okhala pabenchipo anali atapeza bwino kwambiri kuposa anzawo amene sanakhalepo. Inunso yambani chomwecho. Musayese kusenza mtolo wonse tsiku limodzi; solanipo nkhuni imodzi. Pezani munthu wosunga chinsinsi, kaya ndi mchemwali wanu, ankhoswe, mayi wa kumpingo kapena kumzikiti, kapena mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwanu. Kwa ena kuyankhula sikukwanira, ndipo kuchipatala kuli mankhwala akumwa amene dokotala angasankhe ngakhale kwa mayi woyamwitsa.

Pa za kuyamwitsa ndinenepo mawu amodzi, chifukwa ena amauzidwa kuti mkaka wa mayi wolira kapena wodzidzimuka waonongeka. Zimenezo si zoona. Mantha angachedwetse mkaka kutsika kwa kanthawi, koma sauwononga. Khalani pansi, imwani madzi, ikani mwana kubere kawirikawiri, ndipo mkaka udzabwera. Mukatopa, pemphani apongozi kapena bambo wa mwanayo amudyetse phala inu mutagona pang'ono. Abambo mukawauze zimene mwamva pano, kuti nkhonya ndi mawu olasa kwa mayi zimafika mpaka kwa mwana ali kumsana. Ngati m'nyumba muli nkhanza, dziwitsani ankhoswe ndi amfumu, ndipo ku polisi kuli ofesi yothandiza ozunzidwa.

Chimodzi chokha sichidikira tsiku la sikelo. Ngati mayi ayamba kuganiza zodzipha kapena zopweteka mwana wake, kapena ngati atangobereka ayamba kuyankhula zosamveka ndi kukhala masiku osagona, apite naye kuchipatala tsiku lomwelo, kaya ku Migowi, ku Holy Family kapena kuchipatala chilichonse chapafupi, ndipo asasiyidwe yekha panjira.

Tsopano konzani makadi anu, tiyambe kuyeza ana. Pamene mwana wanu ali pasikelo, namwino akakufunsani kuti muli bwanji, musafulumire kuyankha kuti muli bwino ngati simuli bwino. Amene pa mafunso aja munadziyankha inde kangapo, mutsalire pang'ono anzanu akamapita, tikhale pansi awiriwiri, tiyezenso ndi BP yanu.