Chuku cha m'Mbewu ndi Poizoni Wake

Nkhani ya madzulo ano ikhudza banja lililonse lokhala ndi nkhokwe, ku Malawi, ku Zambia ndi ku Zimbabwe komwe. Inena za chuku chimene chigwira chimanga ndi mtedza, umene ena autcha nshawa, ndiponso za poizoni amene chukucho chipanga. Palibe mayi wosadziwa chuku akachiona pa chimanga. Koma funso limene linasautsa anthu ophunzira zaka zambiri ndi ili: n'chifukwa ninji chuku cha mtundu umodzi chipanga poizoni wochepa m'munda wina ndi wochuluka m'munda wina, wochepa chaka chino ndi wakupha chaka chamawa? Yankho lake lapezeka m'kati mwa chuku momwemo, ndipo mlimi amene alimvetsa adziwa potchingira banja lake.

Mmene poizoniyu anadziwikira

M'chaka cha 1960, ku England, anapiye a nkhukundembo oposa 100,000 anafa m'miyezi yowerengeka. Madokotala a ziweto anangoitcha nthenda ya X, monga achita mwana wa sukulu polemba X m'malo mwa nambala imene asanaipeze. Atafufuza anaona kuti mbalamezo zinadya chakudya chosakaniza ndi ufa wa mtedza wochokera ku Brazil, ndipo mu 1961 anapeza kuti mwini mlandu ndi chuku chobiriwira moyera ngati chikasu, chotchedwa Aspergillus flavus. Poizoni wake anamutcha aflatoxin, potenga zilembo zoyamba za dzina la chukucho. Alipo mitundu inayi yaikulu, B1, B2, G1 ndi G2, ndipo woopsa koposa ndi B1. Ng'ombe ikadya chakudya chokhala ndi B1, gawo lina lituluka mu mkaka, ndipo limenelo litchedwa M1.

Si mbalame zokha zimene zafa. Mu 1974 kumadzulo kwa India anthu 106 anamwalira atadya chimanga cha chuku. Mu 2004 ku Kenya, makamaka m'maboma a Makueni ndi Kitui, anthu 317 anadwala ndipo 125 anamwalira, maso ali chikasu, mimba ndi miyendo zitatupa, chiwindi chitaleka ntchito. Mu 2016 anthu 20 anamwalira ndi nthenda yomweyi pakati pa dziko la Tanzania. Ndipo mu August 2024, chilala chachikulu chitangopita, Boma la Zambia linalengeza kuti agalu pafupifupi 400 anafa ndi chakudya chopangidwa ndi chimanga chokhala ndi poizoniyu, ndi kuti ufa wa m'zigayo zina unapezeka nayenso.

Imfa zadzidzidzi zotere zimveka kutali, koma choipa chachikulu chichitika mwakachetechete. Munthu wodya poizoni pang'onopang'ono zaka zambiri aonongeka chiwindi, ndipo mu 1987 bungwe la dziko lonse lofufuza za khansa, la IARC, linaika aflatoxin m'gulu la zinthu zodziwika ndithu kuti ziyambitsa khansa mwa munthu. Kwa munthu amene ali kale ndi kachilombo ka hepatitis B ngoziyo ikula kwambiri. Ku Benin ndi ku Togo, mu 2002, ofufuza anapeza kuti ana okhala ndi poizoniyu wambiri m'magazi ndiwo anali opinimbira koposa. Kuchepa kwa muyeso wake n'kodabwitsa: maiko a ku Ulaya salola mtedza wakudya wokhala ndi magawo oposa 4 mwa magawo 1,000,000,000. Kumeneko kuli ngati kasupuni kamodzi ka shuga komwazidwa m'matumba 20,000 a makilogalamu 50.

Buku la malangizo

Chamoyo chilichonse, kaya munthu, kaya chimanga, kaya chuku, chimangidwa ndi tizipinda tating'onoting'ono totchedwa maselo, ndipo m'selo muli malangizo onse a kapangidwe ndi kagwiridwe ntchito ka chamoyocho. Malangizowo alembedwa pa ulusi wotchedwa DNA, ndi zilembo zinayi zokha, A, C, G ndi T. Langizo limodzi litchedwa jini. Omvera asasokoneze mawu awa ndi majini a mizimu yoipa. Ili ndi liwu lobwereka ku Chingerezi, ndipo tanthauzo lake ndi langizo lolembedwa m'selo. Aspergillus flavus ali ndi majini oposa 12,000, osungidwa m'mabuku 8 otchedwa makromozomu.

Tsono mphunzitsi aliyense adziwa kuti kukhala ndi buku ndi kwina, kuliwerenga ndi kwina. Buku lotsekeredwa m'kabati siliphunzitsa mwana. Chimodzimodzinso jini silichita kanthu kufikira litawerengedwa. Powerenga, selo likopera langizolo pa kakalata kotchedwa RNA. Kakalatako kapita kumene kupangidwa maenzaimu, amene ali ngati amisiri a m'selo. Ndipo amisiriwo ndiwo agwira ntchito imene langizo linanena. Majini ena awerengedwa nthawi zonse, pakuti popanda iwo chuku sichingadye kapena kukula. Ena akhala ogona, nadzuka pokhapokha zinthu zina zitachitika kunja. Majini a poizoni ali m'gulu lachiwirili.

Mzere wa amisiri ndi kapitao wawo

Majini opanga aflatoxin alipo oposa 25, ndipo onse akhala moyandikana, ngati nyumba za mudzi umodzi, pa kromozomu ya nambala 3. Amisiri otumidwa ndi majiniwa agwira ntchito mopatsirana, monga anthu apatsirana njerwa pomanga sukulu. Oyamba atenga tizidutswa tochokera ku shuga ndi mafuta a m'mbewu nalumikiza unyolo. Jini la aflC ndilo lituma mmisiri wopinda unyolowo, ndipo potero papangika chinthu chofiirira chotchedwa norsolorinic acid. Otsatira achisema, achiwonjezera, achisanduliza, masitepe oposa khumi, kufikira pa mapeto patuluka aflatoxin. Mmisiri mmodzi akasowa pakati pa mzere, ntchito iima pomwepo.

Pakati pa mudziwo pali jini limodzi losiyana ndi anzake, lotchedwa aflR, limene akatswiri a ku America analipeza m'zaka za 1993 ndi 1994. Jini limeneli silituma mmisiri koma kapitao. Kapitaoyo ayenda pa ulusi wa DNA kufunafuna chizindikiro chake, chimene chalembedwa pakhomo pa majini ambiri a m'mudzimo, ndipo akakhala pa chizindikirocho jinilo liyamba kuwerengedwa. Pafupi naye pali mthandizi wake, aflS. Akatswiri atachotsa aflR m'chuku anaona kuti chukucho chikula bwinobwino koma poizoni osapanga, pakuti amisiri onse anagona, wowadzutsa palibe. Pamwamba pa kapitaoyu palinso akuluakulu ena olamulira midzi yambiri ya majini nthawi imodzi, monga LaeA, amene anadziwika mu 2004, ndi VeA, amene amva kusiyana kwa mdima ndi kuwala.

Nkhani ya majini siithera m'chuku. Poizoni akalowa m'thupi la munthu, chiwindi poyesa kumuchotsa chimusandutsa chinthu chomata pa DNA, makamaka pa chilembo cha G. Mu 1991 ofufuza anapima zotupa za khansa ya chiwindi za odwala a ku China ndi a kummwera kwa Africa, napeza kuti mwa ambiri chilembo chimodzi cha G chinasanduka T pa malo amodzimodzi a jini lotchedwa p53. Jini limeneli ndi mlonda woletsa selo loonongeka kuswana. Mlonda akalemala, chotupa chikula.

Zimene zidzutsa kapitao

Choyamba ndi kutentha. M'nyumba zoyesera, chuku ichi chikula msanga pa madigiri 37, kutentha kwa thupi la munthu, koma pamenepo majini a poizoni akhala chete pafupifupi onse. Pa madigiri 28 kufikira 30 ndi pamene awerengedwa kwambiri. Apa pali phunziro lalikulu: kuchuluka kwa chuku chooneka ndi maso sikunena kuchuluka kwa poizoni. Njere yooneka bwino ingathe kukhala naye, monga anena akale, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Chachiwiri ndi chakudya. Shuga wosavuta kugaya ndi malo owawasa pang'ono zidzutsa majiniwa. Njere yoboola kapuchi kapena nankafumbwe, ndi mtedza wokanda chiswe kapena wotema khasu, zitsegulira chuku khomo la ku chakudya chotere.

Chachitatu, ndipo chachikulu kwa mlimi, ndi chilala. Ofufuza a ku Georgia, ku America, anaonetsa m'zaka za m'ma 1980 kuti mtedza ugwidwa poizoni uli m'nthaka pamene mvula yadula m'masabata anayi kufikira asanu ndi limodzi omaliza, nthaka n'kukhala yotentha pafupi madigiri 30. Mtedza wokhuta madzi udzipangira mankhwala ake othamangitsa chuku, koma wofota uleka. Tizilombo tina ta m'nthaka topikisana ndi chuku tifooka ndi ng'amba, pamene Aspergillus flavus apirira. Ndipo kupanikizika kumene chuku chikumana nako m'njere yovutika kudzutsanso majini a poizoni. N'chifukwa chake chaka cha njala ndicho chaka cha poizoni, ndipo chifika pamene anthu alibe mtima wotaya kanthu. Mvula ikakuona litsiro sikata.

Chachinayi ndi chinyontho pambuyo pokolola. Mbewu youma bwino chuku sichimera, ndipo chuku chosamera sichiwerenga jini lililonse.

Chuku chopanda poizoni

Si chuku chonse cha banja limeneli chili ndi buku lathunthu. Ku Japan anthu agwiritsa ntchito Aspergillus oryzae, mbale wake weniweni wa Aspergillus flavus, pofulula mowa wa mpunga ndi popanga msuzi wa soya kwa zaka mazanamazana, ndipo salandira poizoni, pakuti mudzi wake wa majini ngwopasuka. M'minda namonso muli mitundu ya Aspergillus flavus yotere. Umodzi, wotchedwa AF36, unapezeka m'minda ya thonje ku Arizona: chilembo chimodzi chokha chinalakwika m'jini la aflC, ndipo mzere wonse wa amisiri unaima. Mtundu wina ulibiretu mudzi wonsewo.

Nzeru imeneyi yafika m'minda ya mu Africa. Bungwe la IITA, lokhala ku Ibadan m'dziko la Nigeria, pamodzi ndi akatswiri a za ulimi a Boma la America, linapanga mankhwala otchedwa Aflasafe. Atenga mitundu inayi ya chuku chopanda poizoni ya m'dziko momwemo, naipaka pa njere za mapira zokazinga kuti zisamere, nazipaka utoto wobiriwira ngati thambo kuti munthu asadye. Mlimi amwaza makilogalamu 10 pa hekitala, masabata awiri kapena atatu mbewu zisanachite maluwa. Chuku chabwinocho chiyamba kufika pa mbewu, ndipo choipa chipeza malo atatha. M'minda yoyesera poizoni anachepa ndi magawo 80 pa 100 kapena kuposa. Mankhwalawa anapangidwira Nigeria, Kenya, Zambia, Malawi, Mozambique ndi maiko ena, dziko lililonse ndi mitundu yakeyake.

Ena ayesa njira yotseka pakamwa pa jini. Mu 2017 akatswiri a pa University of Arizona analengeza za chimanga chimene njere zake zipanga tizidutswa ta RNA tofafaniza kalata ya aflC. Chuku chinamera pa njerezo, koma poizoni sanapezeke. Imeneyo inali ntchito ya m'nyumba zoyesera.

Zimene mlimi angachite

Podziwa zimene zidzutsa kapitao, mlimi adziwa zomuletsa kudzuka. Abzale ndi mvula yoyamba kuti mbewu zikhwime mvula isanathe, ndipo apange mizere yotseka ndi kuphimbira nthaka kuti isunge madzi. Akolole mtedza ukangokhwima, osausiya m'nthaka yotentha. Aumitse pa mkeka, pa lona kapena pa thandala, osati pa dothi. Mtedza aunjike mulu wokhala ndi mpata pakati wodutsa mphepo. Asawaze madzi pa mtedza pofuna kufewetsa makoko asanasende, pakuti chizolowezi chimenechi chibwezera chinyontho chimene dzuwa linachotsa. Chimanga chifike pa magawo 13 pa 100 a chinyontho, mtedza wosenda pa magawo 7 kapena 8. Wopanda chopimira athire njere ndi mchere wouma m'botolo louma nakhutchumule. Mchere ukamata m'mbali, chimanga sichinaume. Asunge m'nkhokwe yosadontha kapena m'matumba osalowa mpweya, pa mitengo, osagunda khoma.

Chotsiriza ndi kusankha. Poizoni wambiri akhala m'njere zochepa, zofota, zosweka, zoboola ndi zosintha mtundu, kotero dzanja la mayi wosankha pa lichero lichotsa gawo lalikulu. Kukonola chimanga kuchotsanso gawo lina, limene lipita ndi madeya. Koma apa ndi pamene mabanja ambiri alakwa: mtedza wabwino apita nawo ku msika, wosankhidwa ausinja nsinjiro za phala la mwana, ndipo chimanga chowola afululira mowa kapena apatsa ng'ombe ya mkaka ndi nkhuku. Omvera akumbukire kuti moto wophikira nsima, wokazingira mtedza kapena wowiritsira mowa sutha poizoniyu. Njere zosankhidwa zikwiriridwe kapena zitenthedwe. Mbale ziwiri za mtedza wotayidwa mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi chiwindi cha mwana.

Mlimi wofuna kudziwa zambiri afunse mlangizi wa zaulimi wa kwawo, makamaka chaka chimene mvula yadula msanga. Nkhani ya lero yathera pamenepa.