Mwadziwa Bwanji? Za Alendo a Kumwamba ndi Makina Oyankha Mafunso

Mau amene analankhulidwa pa msonkhano wathu wa pachaka



Pamene a Mlembi anandipempha kuti ndidzalankhule lero, ndinawafunsa kuti, "Kodi ine munthu wopuma ntchito ndikanena chiyani?" Iwo anati, "Achimwene, inu munakalambira pa ntchito ya mawailesi ndi matelefoni. Tiuzeni za makina atsopanowa amene akuyankha mafunso ngati munthu, ndiponso ngati n'zoona kuti kumwambaku kuli anthu ena." Ndinavomera. Koma ndikuchenjezeretu kuti ndiyambira kutali kwambiri, ndipo ndikathera pa labotale yathu ija imene denga lake likudontha.

M'chaka cha 1977 ndinali mu Fomu 2. Tsiku lina kutangoda, tikupita ku pulepu, mnyamata wina analoza kumwamba n'kukuwa kuti, "Taonani, nyenyezi ikuyenda!" Inalidi kuyenda, mwakachetechete, osaphethira ngati zinzake. Wina anati ndi ndege ya afiti. Wina anati ndi anthu a ku Mars. Aphunzitsi athu a Physical Science, amene ambiri muno mukuwakumbukira, anatipeza titaunjikana pabwalo. Sanatiseke ndipo sanatikalipire. Anangofunsa aliyense payekhapayekha kuti, "Mwadziwa bwanji?" Tonse tinangoti kukamwa yasa. Kenaka anati, "Ine ndikuganiza kuti ndi satelaiti. Ife tili mumdima, koma iyo ili pamwamba kwambiri moti dzuwa likuiwalirabe. Ngati ndikunena zoona, ikalowa mumthunzi wa dziko izimirira isanafike kumapiri uko. Ikapanda kuzimirira, ndiye kuti ndalakwa." Tinadikira. Inazimiriradi pakati pa thambo. Kuyambira tsiku limenelo tinawapatsa dzina loti a Mwadziwabwanji, ndipo funso lawo lija ndilo mutu wa zonse zimene nditi ndinene.

Ife sitinkadziwa, koma chaka chomwecho kunachitika zinthu ziwiri zazikulu. Choyamba, dziko la America linatumiza zombo ziwiri za m'mlengalenga, Voyager 2 pa 20 Ogasiti ndi Voyager 1 pa 5 Seputembala. Pa chombo chilichonse anamangirirapo mbale ya galamafoni yokutidwa ndi golide, mmene muli nyimbo, zithunzi ndi moni m'zinenero 55, kuti ngati kuli ena amene adzazitole adzadziwe za ife. Chimodzi mwa zinenero zimenezo ndi Chinyanja. Motero moni wa m'chinenero chathu anatuluka kale m'dera la mphepo ya dzuwa, pakuti Voyager 1 inadutsa malire amenewo m'chaka cha 2012. Kufikira lero palibe amene wayankha moniwo.

Chachiwiri, pa 15 Ogasiti 1977 chipangizo chomvetsera mafunde a wailesi ochokera ku nyenyezi, chotchedwa Big Ear, ku Ohio, chinagwira chizindikiro champhamvu chimene chinatenga masekondi 72. Katswiri wina, Jerry Ehman, atachiona pa pepala la kompyuta anachizunguliza ndi cholembera chofiira n'kulemba pambali pake kuti "Wow!" Anthu ambiri anakhulupirira kuti alendo aja atiimbira. Koma akatswiri analozetsanso zipangizo zawo pamalo omwewo kambirimbiri, ndipo chizindikirocho sichinabwerenso. Pa sayansi, chinthu chimene chachitika kamodzi kokha ndipo mnzako sangathe kuchionanso, umachilemba m'buku n'kudikira. Sulengeza.

Kudekha kumeneku kwapulumutsa akatswiri ku manyazi nthawi zambiri. M'chaka cha 1967 mtsikana wina wophunzira pa Cambridge, Jocelyn Bell, anapeza chizindikiro chimene chinkagunda ngati wotchi, kamodzi pa sekondi imodzi ndi kachigawo. Iye ndi anzake anachitcha mwanthabwala LGM, chidule cha mau a Chingerezi onena za tianthu tobiriwira. Posapita nthawi anapeza china chofanana nacho mbali ina ya thambo, ndipo zinadziwika kuti zinali nyenyezi zakufa, zazing'ono ngati mzinda umodzi koma zolemera kuposa dzuwa, zimene zimazungulira mofulumira n'kumawalitsa ngati nyali ya padoko. Sanapeze alendo, koma anapeza mtundu watsopano wa nyenyezi.

Nkhani ina ikuseketsani. Ku Parkes, m'dziko la Australia, kuli chipangizo chachikulu chomvetsera nyenyezi chimene kwa zaka zingapo chinkagwira zizindikiro zachilendo. M'chaka cha 2015 anapeza gwero lake. Inali uvuni ya microwave imene antchito a pamalopo ankatenthetsera chakudya. Munthu wanjala akatsegula chitseko uvuniyo isanazime, mafunde ankatuluka n'kukalowa m'chipangizo chija. Alendo a kumwamba aja anali nkhomaliro ya munthu.

Nkhani zotere zinafikanso kwa anansi athu. Pa 16 Seputembala 1994 ana pafupifupi 60 a pa sukulu ya Ariel ku Ruwa, kufupi ndi Harare, ananena kuti anaona chombo chachilendo chitatera pafupi ndi bwalo lawo, ndipo munatuluka zolengedwa za maso aakulu. Dokotala wina wa ku Harvard, John Mack, anapita kukacheza nawo. Ine sindikunena kuti anawo ananama, pakuti mwana akhoza kunena zimene akukhulupirira ndi mtima wonse. Koma tizikumbukiranso kuti masiku awiri m'mbuyo mwake anthu ambiri kummwera kwa Africa anaona moto ukudutsa kumwamba usiku, umene akatswiri anati unali zidutswa za roketi ya ku Russia zikupsa pobwerera, ndipo nkhani ya zombo zachilendo inali m'kamwa mwa aliyense. Pa sukulupo sipanatsale chitsulo kapena chithunzi choti munthu wina akachiyeze. A Mwadziwabwanji akanati, "Ndakumvani, ana inu, koma tilibe poyambira."

Tsono chimene tikudziwa motsimikiza n'chiyani? Pamene ife tinali pano, palibe munthu amene anali atapeza pulaneti lozungulira nyenyezi ina. M'chaka cha 1995 akatswiri awiri a ku Switzerland, Michel Mayor ndi Didier Queloz, anapeza loyamba lozungulira nyenyezi yonga dzuwa lathu, ndipo pofika 2025 mapulaneti otere otsimikizika anakwana 6,000. Malo okhalamo zamoyo akhoza kukhala ambiri ndithu. Koma mtunda wake ndi woopsa. Kuwala kumathamanga makilomita 300,000 pa sekondi imodzi, komabe kumatenga zaka zoposa zinayi kuchokera ku Proxima Centauri, nyenyezi yoyandikana kwambiri ndi dzuwa lathu. Voyager 1, imene imayenda makilomita 17 pa sekondi, ingafunike zaka zoposa 70,000 kuti iyende mtunda umenewo. Kufikira lero palibe chamoyo chilichonse, ngakhale kachilombo kosaoneka ndi maso, chimene chatsimikizika kuti chili kunja kwa dziko lathu. Amene angakuuzeni kuti kulibe, mufunseni wadziwa bwanji. Amene angakuuzeni kuti anafika kale, mufunseni chimodzimodzi.

Apa ndi pamene makina atsopano aja akulowera m'nkhani yathu. Zipangizo za masiku ano zimasonkhanitsa zinthu zochuluka moti munthu sangathe kuziwerenga ndi cholembera chofiira ngati mmene anachitira Ehman. Ndiye akatswiri akugwiritsa ntchito nzeru zochita kupanga, zimene ana athu amangoti AI. Kagwiridwe kake n'kotere: kompyuta amaionetsa zitsanzo zikwizikwi, n'kumaiuza kuti ichi ndi pulaneti, ichi si pulaneti, mpaka iyo yokha iyambe kusiyanitsa. M'mwezi wa Disembala 2017 njira imeneyi inathandiza kupeza pulaneti lachisanu ndi chitatu lozungulira nyenyezi ya Kepler-90, limene linabisala m'manambala akale. M'chaka cha 2023 wophunzira wina wa pa University of Toronto, Peter Ma, ndi anzake anagwiritsa ntchito AI kusefa zizindikiro zochokera ku nyenyezi 820, ndipo makinawo anasankha zisanu ndi zitatu zooneka zachilendo. Taonani chimene anachita. Sanaitane atolankhani kuti alendo apezeka. Anabwerera kukamvetseranso nyenyezi zomwezo, ndipo zizindikirozo sizinamvekenso. Makina anasefa, koma anthu ndi amene anafunsa funso lija.

Mtundu wina wa makinawa ndi umene wafika m'mafoni mwathu. ChatGPT inatuluka pa 30 Novembala 2022, ndipo ena ambiri atsatira. Makina amenewa anawawerengetsa zolembedwa zosawerengeka, ndipo ntchito yawo yeniyeni ndi kulosera liu limene liyenera kubwera pambuyo pa linzake. Amachita zimenezi mwaluso kwambiri moti munthu umaona ngati ukucheza ndi mphunzitsi wodziwa zonse. Amathandizadi. Ine amandithandiza kulemba makalata a Chingerezi ndi kundikumbutsa masamu amene ndinaiwala. Koma kulankhula bwino si kudziwa. M'chaka cha 2023 maloya ena ku New York anapereka kukhoti chikalata chotchula milandu yakale imene ChatGPT inangopeka, ndipo woweruza anawalipiritsa madola 5,000. Anali anthu ophunzira kuposa ambiri a ife, koma sanapite ku mabuku kukaona ngati milanduyo inalikodi.

Ndisawaseke kwambiri, chifukwa nanenso ndinatsala pang'ono kugwa m'mbuna yomweyo. Pokonzekera mau anowa, mdzukulu wanga anandithandiza kufunsa makina ena a mtundu umenewu za mbiri ya sukulu yathu. Anayankha msangamsanga, m'ziganizo zosalala. Anatchula chaka chimene sukulu inatsegulidwa ndi dzina la mphunzitsi wamkulu woyamba, ndipo ine ndinazilemba pa pepala. Usiku ndili chigonere ndinakumbukira mwala uja wa pakhomo la holo, umene tinkaukwecha tikapatsidwa chibalo. Chaka cha pamwalapo chinali china. M'mawa ndinaimbira achikulire ena a gulu loyamba, ndipo anandiuza kuti munthu wa dzina limenelo sanapondepo pa sukulu ino. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Makinawa anaphunzira kwambiri kuchokera ku zolembedwa za maiko ena, ndipo za kwathu kuno zolembedwa n'zochepa. Akasowa chonena nthawi zambiri sakhala chete, amalumikiza mau ooneka ngati oona. Ndikanaimirira pano lero n'kukupatsani mphunzitsi wamkulu wopeka, ndipo mwina a Mlembi akanamusindikiza m'kalata yathu.

Ndafika tsono pa labotale. Ndamva kuti pokambirana za ndalama zimene tasonkha, anzathu ena anati kukonza labotale n'kutaya ndalama, popeza ana a masiku ano akhoza kuonera zoyesayesa zonse pa foni, ndipo funso lililonse AI iwayankha. Amene ananena zimenezi ndi anthu okonda sukulu ino, ndipo ndikuwalemekeza. Koma ndikupempha kuti tiganizenso. Mwana amene waonera pa foni kapepala ka litmus kakufiira waona chithunzi chabe, ndipo lero chithunzi ngakhale kanema makina akhoza kupanga popanda chimene chinachitika. Mwana amene wamiza yekha kapepalako m'madzi a mandimu, kapena wayeza kugwedezeka kwa pendulamu kakhumi n'kupeza mayankho osiyana pang'ono, n'kufunsa chifukwa chake, waphunzira chinthu chimene foni singamupatse. Waphunzira kuti yankho limayesedwa. Ana amene ali m'makalasi muno adzakhala manesi, maloya, alangizi a zaulimi ndi aphunzitsi, ndipo onsewo adzagwira ntchito ndi makina oyankha mokoma. Nesi amene adzalandire mlingo wa mankhwala kuchokera ku makina osauyerekeza ndi buku lake adzapweteka munthu, ndipo munthuyo akhoza kudzakhala mmodzi wa ife.

Sindikunena kuti tiwaletse makinawa. Mlendo amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo tingakhale opusa kukana kumetedwa. Ndikunena kuti kalumo kakuthwa kamafuna dzanja lophunzitsidwa, ndipo dzanja limenelo ife tinaliphunzirira m'chipinda chija chimene lero chikudontha, pa mabenchi opsa ndi asidi. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

A Mwadziwabwanji anatisiya zaka zapitazo. Sanaoneko foni yoyankha mafunso, koma ndikudziwa funso limene akanaifunsa. Pempho langa kwa msonkhano uno ndi lakuti ndalama za chaka chino zipite ku denga la labotale ndi ku zipangizo zake, ndipo a Msungichuma alembe dzina langa poyamba pa mndandanda wa owonjezera. Ana athu akadzaona nyenyezi ikuyenda, kapena makina akadzawauza chinthu molimba mtima, pakhale mmodzi pakati pawo wonena kuti, "Tiyeni tidikire tione ngati izimirire."