KUKOMA MTIMA: MOYO WA WILLIAM KOYI

Nkhani ya madzulo ano ndi ya ubwino, umene Buku Lopatulika liucha kukoma mtima. Mtumwi Paulo, polembera Agalatiya pa mutu 5, anawerenga zipatso zisanu ndi zinai zimene Mzimu wa Mulungu abala mwa munthu, ndipo ubwino uli pakati pa izo. Mau akuti cipatso ngoyenera kuwasamalira. Cipatso sacipacika pa mtengo monga nsaru yoyanika. Cicokera m'kati, cikula pang'onopang'ono, ndipo cikapsa acidya ndi anthu odutsa, mtengo womwewo osalawako.

Makolo anazindikira kale kuti ulipo ubwino wa pamaso pokha, ndipo anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Alipo munthu wopatsa mlendo nsima cifukwa anansi alikupenya, alipo wina woseka ndi onse cifukwa ca mantha. Ubwino weniweni udziwika pamene palibe woyamika, ndi pamene wocitiridwa zabwinoyo sabweza kanthu. Moyo wa munthu mmodzi, amene manda ace ali pa Njuyu m'boma la Mzimba ku Malawi, uonetsa bwino cimeneci.

William Koyi anali wa mtundu wa Axhosa, wobadwira ku Cape m'caka ca 1846. Paubwana wace sanapite ku sukulu. Anagwira nchito yoyendetsa ngolo za ng'ombe, ndipo anatembenuka mtima ali wamkulu kale. Pamenepo anayenda pansi ulendo wautali kunka ku sukulu ya Lovedale, nayamba kuphunzira zimene anzace anazidziwa akali ana. M'caka ca 1876 Dr. James Stewart anafuna anyamata oti akathandize mishoni yatsopano ya Livingstonia pa Nyanja ya Malawi. Koyi anadzipereka, nanena kuti nzeru zace zinali zocepa, koma akhoza kukatema nkhuni ndi kutunga madzi. Anasankhidwa anai. Mmodzi, Shadrach Ngunana, anamwalira m'caka ca 1877. Awiri anabwerera kwao. Koyi ndiye anakhalitsa.

Masiku amenewo dziko la kumpoto linali pa nkhondo. Angoni, amene anaoloka Zambezi ndi mfumu yao Zwangendaba m'caka ca 1835, anali atakhazikika ku mapiri pansi pa M'mbelwa, m'mene Mpezeni anali cakumadzulo, ku dziko limene lero ndi Chipata. Ankhondo a M'mbelwa ankatsikira ku nyanja kukathira nkhondo Atonga, ndipo mishoni itasamukira ku Bandawe m'caka ca 1881 inapezeka pakati pa adani awiri. Angoni anafuna kuti amishoni asiye Atonga, akakhale a iwo okha.

Cinenero ca Koyi cinali capafupi ndi Cingoni. Cifukwa cace m'zaka za 1878 ndi 1879 anatsagana ndi Dr. Robert Laws pokaonana ndi mafumu, iye ndiye womasulira. Ndipo m'caka ca 1882 anakamanga nyumba pa Njuyu, pakati pa Angoni eni ace. Mafumu anamlola kukhala, koma sukulu anaikana, poopa kuti ana akaphunzira adzafooka pa nkhondo. Zaka zinai zinapita. Koyi analibe sukulu yoti aonetse, analibe wobatizidwa ngakhale mmodzi. Anangokhala, nalandira alendo pakhomo, namvera milandu pabwalo, nabweza mau ofatsa kwa ankhondo odza ndi ukali. Pakabuka mkangano pakati pa mafumu ndi amishoni a ku Bandawe, iye ankanyamula mau uku ndi uko, wosanamiza mbali iri yonse. Angoni anamucha Mtusane, ndiko kuti mkhalapakati.

Apa pali cinthu cimene ambiri acisokoneza. Ubwino wa Koyi sunali kubvomera ciri conse. Sanayamikire nkhondo zofunkha midzi, sanalonjeze kuti Atonga adzatayidwa. Akanatero akanakondweretsa mafumu msanga. Munthu wofooka abvomera kuti apulumuke. Munthu wabwino akana coipa, koma sacoka pakati pa anthu amene wawakanizawo. Buku la Macitidwe, pa mutu 11, licha Barnaba munthu wabwino, ndipo nchito yace inali yomweyi: pamene ophunzira a ku Yerusalemu anaopa Saulo, wozunza uja, Barnaba ndiye anamgwira dzanja napita naye kwa atumwi.

Kuona maso a nkhono nkudekha. Kuciyambi kwa caka ca 1886 mvula inakanika, ndipo zitalephera nsembe za makolo, Angoni anapempha amishoni kuti apemphere kwa Mulungu wao. Mvula inagwa. Patapita miyezi yowerengeka mafumu analola kuti ana aphunzitsidwe. Mau amenewa anampeza Koyi ali gone ndi nthenda ya cifuwa. Anawamva, nayamika Mulungu, namwalira pa 4 June 1886, ali ndi zaka ngati 40. Sukulu imene anaidikira sanaphunzitsemo. Angoni oyamba kubatizidwa, Mawelera Tembo ndi mbale wace Makara, anabatizidwa m'caka ca 1890, iye atagona m'manda zaka zinai.

Munthu wowerenga phindu monga awerengera m'sitolo anganene kuti Koyi anataya moyo wace cabe. Koma cimene cinatsegula khomo la Angoni sicinali mfuti kapena mphatso. Iwo anapenya munthu zaka zinai, pa njala ndi pa mkwiyo, napeza kuti m'kati mwa mkuyu umenewu munalibe nyerere. Atakhulupirira munthuyo, anayamba kufunsa za Mulungu wace.

Nkhondo za mikondo zinatha, koma malo a mkhalapakati akalipo. Ku migodi ya Kitwe ndi Ndola, m'makomboni a Harare ndi Bulawayo, m'misika ya Blantyre ndi Lilongwe, anthu a zinenero zosiyana atunga madzi pa mpope umodzi, ndipo mau amodzi oipa akhoza kuyatsa moto. M'banja momwemo, mpongozi ndi mkamwini akaleka kulankhulana, pafunika wina wonyamula mau osaonjezapo ululu. Nchito yotere iribe malipiro, ndipo kawirikawiri woigwira atukwanidwa ndi mbali zonse ziwiri. Palibe munthu angathe kuipirira ndi mphamvu zace zokha. Cifukwa cace Paulo anaucha ubwino cipatso ca Mzimu, cimene Mkristu acipempha m'pemphero tsiku ndi tsiku.

Womvera ali yense, pogona usiku uno, angadzifunse funso limodzi: kodi alipo munthu amene iye amcitira zabwino, podziwa kuti sadzabweza kanthu? Woyendetsa ngolo wa pa Njuyu akanatha kuyankha.